Zowala zamumlengalenga zija si afiti, funsani foni yanu

Magetsi akangothima m'tauni muno, nyenyezi zimaoneka bwino kuposa masiku ena onse. Ndi nthawi imeneyonso mavidiyo amadzadza m'magulupu a WhatsApp: kamzere ka timagetsi kakuyenda mwakachetechete kumwamba, pansi pake munthu walemba kuti "ndege ya afiti yadutsa". Ine nkhani imeneyi sindiitenga ngati nthabwala. Kuno kwathu mphekesera za ufiti zathamangitsitsa agogo m'nyumba zawo, ena mpaka kuphedwa. Tisanatumize vidiyo yotere, tiyambe tafunsa foni yomweyo.

Kamzere kameneka nthawi zambiri ndi masetilaiti a Starlink, kampani ya intaneti yomwe inayamba kugwira ntchito m'Malawi mu 2023. Akangoponyedwa kumene amayenda mondondozana, kenako amabalalika n'kukwera m'mwamba. Alibe nyali ayi, amangowala ndi dzuwa, n'chifukwa chake timawaona kukangoda kumene kapena m'bandakucha. Chowala chimodzi chachikulu chodutsa osaphethira chikhoza kukhala International Space Station, yomwe ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 400 ndipo imazungulira dziko m'mphindi pafupifupi 90, anthu ali momwemo.

Ma app monga Stellarium, Star Walk ndi SkyView amakuuzani zonsezi. Amagwiritsa ntchito GPS kudziwa pomwe mwaima, wotchi ya foni kudziwa nthawi, ndi kampasi kudziwa komwe mwaloza. Mukakweza foni, dzina la chomwe chili kutsogolo kwanu limatuluka pasikirini. Za bandulo musadandaule kwambiri: mapu a nyenyezi a Stellarium amagwira popanda intaneti mukangodawuniloda, kungoti za masetilaiti zimafuna kuti muzilumikiza mwa apo ndi apo popeza njira zawo zimasintha.

Koma foni imanamanso, eti. Mukaima pafupi ndi malata, geti yachitsulo kapena galimoto, kampasi imasokonekera n'kukulozerani kolakwika. Sunthani, ndipo izungulizeni foniyo m'mwamba ngati mukulemba 8. Yatsaninso kuwala kofiira komwe kali mu app, chifukwa maso amatenga mphindi 20 mpaka 30 kuti azolowere mdima, ndipo kuwala koyera kumakubwezani poyambira.

Tili ndi mwayi womwe anzathu a ku London alibe. Lilongwe ali pafupifupi madigiri 14 kummwera kwa equator, ndiye Southern Cross timaiona bwinobwino madzulo a miyezi yozizira. Pambali pake pali Alpha Centauri, yomwe kuwala kwake kumatenga zaka zinayi ndi miyezi ingapo kuti kufike kuno. Mu June ndi July, mukatuluka pang'ono m'tauni, mlalang'amba umachita kuyera ngati utsi.

Chondidetsa nkhawa n'chimodzi. Mayina a mu app ndi achigiriki, achilatini ndi achiarabu, pomwe makolo athu anali ndi awo. Chomwe foni ikuti Venus ife timati nthanda ikatuluka m'mawa. Akale ankati mwezi uli ndi akazi awiri, wakummawa womana chakudya ndi wakumadzulo wodyetsa bwino, n'chifukwa chake umaonda n'kunenepanso. App ikuuzani kuti akazi awiriwo ndi pulaneti imodzi yomweyo, koma nthanoyo siingakuuzeni. Wokuuzani ndi agogo omwe aja ena akuwatchula afiti.

Ndiye pempho langa kwa ma admin a magulupu ndi ili: vidiyo ya zowala kumwamba ikabwera, funsani nthawi ndi malo omwe inajambulidwa, bwezani nthawi mu app, muone chomwe chinadutsa, muike screenshot pagulupu mphekesera isanafike kumsika. Aphunzitsi a sayansi m'masekondale a m'tauni muno nawonso angathe kuitana ana madzulo amodzi pabwalo la mpira. Foni imodzi yachaji ikwanira kalasi yonse, ndipo muitanenso achikulire a m'dera adzatchule mayina awo.