Ng'oma za ku Mua: Tipiteko Monga Eni Mudzi

Abale athu okondedwa a ku Golomoti ndi a m'midzi yonse ya kuno kuchigwa, chimanga chalowa m'nkhokwe, thonje lapita ku msika, ndipo mwera wayamba kuulutsa fumbi m'njira. Ino ndiyo nyengo imene ng'oma zimalira ku Mua, pakuti mwezi wa Ogasiti a ku Kungoni amaitana Achewa, Angoni ndi Ayao kuti adzavine magule ao pa bwalo limodzi. Mabanja ambiri atifunsa kuti, Kodi nkoyenera mkristu kupitako? Nanga ana tiwalole? Ife tikuti, Inde, pitani. Koma musapite manja lende monga alendo odzaonerera. Pitani monga eni mudzi.

Kufunsako sitikudabwa nako. Ansembe a chipani cha White Fathers anafika pa Mua m'chaka cha 1902, ndipo pa zaka zambiri zotsatira panali kukangana kwakukulu pakati pa mishoni ndi akulu a nyau: awa akufuna mwana apite ku sukulu, awo akufuna apite ku dambwe, kufikira milandu ina inakalowa ku boma. Agogo athu anakulira m'mkanganowo, natisiyira mantha ake. Koma m'chaka cha 1976 Bambo Claude Boucher, wansembe wa ku Canada amene anapatsidwa mfunda wa Chisale, anayambitsa Kungoni, nakhala pansi ndi akulu a m'midzi kuwafunsa tanthauzo la nyimbo ndi magule ao. Lero m'nyumba ya Chamare, imene inatenga dzina la Bambo Champmartin monga makolo athu ankalitchulira, muli zifanizo za gule wamkulu zoposa 400. Ndipo m'chaka cha 2005 bungwe la UNESCO linawerengera guleyo pa chuma cha anthu a dziko lonse lapansi. Kuonerera gule masana pa bwalo la mishoni si kulowa ku dambwe ai. Amene mtima wake ukali wokayika akafunse bambo mfumu, asafunse anzake a pa mowa.

Tsono tinene za nchito, pakuti ndiyo yatilembetsa mau ano. Munthu wofika dzuwa litakwera amapeza bwalo loyera, mipando yoikidwa bwino, ndi madzi ali m'mitsuko, nayesa kuti zinagwa kumwamba. Taonani, ovina ambiri amavina opanda nsapato. Angoni a kwa Kachindamoto povina ngoma, atanyamula zishango ndi zibonga, amaponda nthaka ndi mphamvu yonse, chifukwa phazi ndilo ng'oma yao. Munga umodzi wotsala pa bwalo ukhoza kukhazika pansi mwamuna wamphamvu gule asanathe. Chotero payenera kukhala anthu olawira m'mamawa ndi makasu ndi matsache, otola miyala, minga ndi magalasi osweka.

Oimba ng'oma naonso ali ndi chosowa chao chimene oonerera sachidziwa. Chikopa cha ng'oma chikazizira chimafooka, ndipo mau ake amafa; kuti mbalule ilankhule ndi ovina, ndi kuti mpanje ndi gunda ziyankhe, ziyenera kuwambidwa pa moto kawirikawiri. Motowo ufuna udzu wouma, ufunanso mnyamata wouyang'anira kuti usathawire kutchire, poti mwezi uno udzu wonse ndi wouma ndipo mphepo siisankha kolowera. Nchito yaing'ono yotere palibe amene amaiombera m'manja, koma itasowa, amai a chisamba ndi a chimtali adzaima chilili pakati pa bwalo.

Za madzi ndi nsima sitichulukitsa mau, amai akuzidziwa kuposa ife. Tingopempha abambo kuti nkhuni asasiyire akazi okha, ndi kuti gulu lochokera kutali, monga a beni amene gule wao anatengera perete wa asilikali, lisabwerere kwao ndi njala. Mlendo ndi mame. Koma mbiri ya mudzi umene unammana madzi imakhalitsa.

Anyamata ena amatiuza kuti zoimba zenizeni zili kunyanja, ndipo amatchula Sand Music Festival, imene anayambitsa malemu Lucius Banda, mwana wa Mpingo wathu amene anakulira mu Alleluya Band ya ku Balaka, namwalira m'chaka cha 2024. Sitinyoza zimenezo. Koma kumeneko munthu amalipira pa chipata, nalowa, naonerera, natuluka. Aliyense wogwira nchito ali ndi womlemba. Kwathu kuno sikutero. Magule a ku Mua ndi athu, oimba ndi amalume athu, ovina ndi alongo athu. Ndipo tikaleka kuwatumikira, tsikulo lidzasanduka chionetsero cha alendo okhala ndi makamera, ife eni ake titaima kumbuyo monga obwereka.

Palinso china chimene chitiwawa mtima. Ana athu ambiri adziwa nyimbo za pa foni, koma atafunsidwa nyimbo imodzi ya ngoma kufikira kumapeto, amangoseka. Nyimbozi sizinalembedwe pa bolodi. Zimaphunziridwa pokhala pafupi ndi eni ake. Mnyamata wowamba ng'oma amamva mmene mkulu akuiyesera ndi chala, naona pamene akumata phula. Mtsikana wotungira madzi amai oimba amamva mau a nyimbo kasanu, kakhumi, tsiku lisanathe. Woonerera patali amangoona fumbi. Chifukwa chake tikuti, makolo, musangowalola ana kupita, koma muwapereke m'manja mwa akulu a nchito, aliyense ndi gawo lake. Mwana wokhala ndi nchito sasowa. Amene amasowa ndi uja anangopita kukayendayenda.

Pakuti zoopsa zilipo, ndipo sitizibisa. Pamene pasonkhana anthu ambiri, ogulitsa kachasu safuna kuitanidwa. Taona amuna amene anachoka kwao atavala bwino, nabwerera usiku atataya ndalama za thonje za chaka chonse. Taonanso atsikana otsalira m'mbuyo dzuwa litalowa, poyembekeza njinga yamoto ya munthu wosamdziwa. Njira yochokera ku Mua kufika ku Golomoti si ya kuyenda mwana yekha mumdima. A mudzi umodzi anyamukire pamodzi, abwererenso pamodzi dzuwa likali m'mwamba, ndipo mai mmodzi wamkulu awerenge ana ponyamuka ndi pobwerera.

Tikumbukirenso okalamba ndi olumala, ndi ana a sukulu ya osamva ya pa Mua, amene ng'oma amaimva ndi chifuwa ndi mapazi, ndipo gule amamuona ndi maso okha. Malo a kutsogolo, pa mthunzi, akhale ao; anyamata aatali aime kumbuyo.

Tsikulo tiliyambe ndi Nsembe ya Misa. Ofuna kuthandiza apereke maina ao kwa atsogoleri a miphakati Lamulungu likudzali, kuti iwo akamvane ndi a ku mishoni za gawo la mudzi uliwonse. Amuna atenge khasu ndi mtolo wa nkhuni, amai ndowa ndi tsache, ndipo amene ali ndi ngolo ya ng'ombe anene msanga, kuti okalamba a ku Golomoti apeze pokwera.