Dzina lasintha pa Chileka, nanga msewu wa ndege?

Aliyense amene amadikira minibasi pa raundabauti ya Kameza amadziwa kuti misewu iwiri imasiyana pamenepa. Wina umalowera ku Lunzu, Zalewa mpaka ku chipata cha Mwanza, winawo umakhotera ku bwalo la ndege la Chileka. Ndikufuna tifunsane, abale anga a geni ku Limbe ndi ku Ndirande, kodi mwa misewu iwiriyi ndi uti umene ukudyetsa mzinda wa Blantyre?

Yankho tonse tikulidziwa. Amayi okaoda katundu ku Joni amakwera basi pa Wenela, kudutsa Zobue, Tete, Nyamapanda, Harare ndi Beitbridge, masiku awiri ali chikhalire, miyendo itatupa, chipata chirichonse kutsika ndi kufola pa mzere. Pa ndege ulendo womwewo sukwana maola atatu. Koma mukauza mayi wa geni kuti akwere ndege akusekani, ati mwayamba misala. Tikiti imawerengedwa m'madola, ndipo kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ngakhale mabwana ena anabwerera ku basi mwakachetechete.

Boma la a Lazarus Chakwera, lomwe linalamula kuyambira 2020 mpaka 2025, linatcha bwaloli dzina la a Bakili Muluzi. Ine ndiribe nawo mlandu a Muluzi, ulemu wawo alandire. Kondakitala pa Kameza akuitanirabe kuti "Chileka! Chileka!" ndipo zimenezo sizindidetsa nkhawa. Chondidetsa nkhawa n'chakuti chikwangwani chimasinthidwa tsiku limodzi, pamene zofunika zenizeni takhala tikuzidikira zaka makumi anayi.

Ophunzira a masiku ano mwina sadziwa kuti bwaloli ndilo linali khomo la dziko lino. Pa 6 Julaye 1958 Dr Kamuzu Banda anatera pomwepa, namtindi wa anthu ukudikira. Mu Malichi 1959 azungu anamukwezera ndege pomwepanso kupita naye kundende ku Gwelo. M'zaka za m'ma 1970 ndege ya Air Malawi ya mtundu wa VC10 inkanyamuka pa Chileka kupita ku London. Kenaka likulu linasamukira ku Lilongwe mu 1975, bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi linatsegulidwa mu 1983, ndipo Chileka anasanduka ngati mkazi wamkulu amene mwamuna amangomuzonda pa Khrisimasi. Air Malawi, imene maofesi ake anali muno mu Blantyre, itatha, kampani yolowa m'malo mwake inayamba kuuluka mu 2014, likulu lake ku Lilongwe.

Nkhani yagona pa mamita. Msewu waukulu wothamangapo ndege pa Chileka ndi wopitirira pang'ono mamita 2,300, pamene wa ku Lumbadzi umaposa 3,500. Wina anena kuti, nanga VC10 ija inkanyamuka bwanji? Ndege imeneyo Angerezi anaipanga dala kuti izitha kunyamuka pa mabwalo aafupi a malo otentha ndi okwera ngati kuno kwathu. Ndege zikuluzikulu za lero, zikadzaza katundu ndi mafuta a ulendo wautali, zimafuna msewu wotalikirapo. Msewu ukafupika, ndege imachepetsa katundu, ndipo wolipira kuchepako ndi inu ndi ine.

Taonani anzathu a ku Zanzibar. Chilumba chawo chachikulu ndi chochepa kuposa boma la Blantyre, ndipo bwalo lawo nalonso liri ndi dzina la mtsogoleri wakale, Abeid Amani Karume. Koma ndege za ku Ulaya ndi ku Dubai sizitera kumeneko chifukwa cha dzinalo ayi. Anatalikitsa msewu kufika mamita 3,000, namanga nyumba yatsopano yofikira alendo. Iwo azunguliridwa ndi nyanja yamchere, ife tazunguliridwa ndi malire a eni ake. Tonse tiri pa chilumba, kungoti iwo anazindikira msanga.

Ndipo sikuti tiribe chogulitsa. Mtedza wa makademiya ku Thyolo, nanazi ku Mulanje, ndiwo zamasamba za ku Bvumbwe, zonsezi ziri pafupi ndi Chileka kuposa Lumbadzi, kumene kuli mtunda wopitirira makilomita 300. Mlendo wofuna kukwera phiri la Mulanje kapena kukaona njovu ku Majete ndi ku Liwonde, khomo lake loyenera ndi lino.

Tisaiwalenso manyazi a mu Januwale 2019, pamene South African Airways inaimitsa maulendo ake obwera ku Blantyre. Oyendera mabwalo ochokera ku South Africa anapeza mpanda wa bwalo utaonongedwa, galimoto yozimira moto ndi ambulansi zosadalirika. Za galimotozo mlandu ndi wa boma, palibe kuzemba. Koma waya wa mpanda sanadule ndi nduna. Anadula ndi anthu ngati ife tomwe, ndipo wina anagula wayayo motchipa osafunsa kumene wachokera. Chaka chomwecho msewu waukulu unatsekedwa miyezi ingapo kuti aukonze, pamene ku Lumbadzi a ku Japan anali kumaliza nyumba zatsopano.

Choncho aphungu athu a m'boma la Blantyre, mukapita ku Nyumba ya Malamulo musakaombe m'manja chifukwa cha chithunzi cha bwalo lokongola chojambulidwa pa kompyuta, zoterozo taziona kambiri nthawi ya kampeni. Mukafunse kuti msewu utalika ndi mamita angati, ndalama zake ziri pa tsamba liti la bajeti, shedi ya katundu yokhala ndi chipinda chozizira imangidwa liti, ndipo anthu a m'midzi yozungulira bwalo amene minda yawo idzatengedwe adzalandira chipukuta misozi chawo ntchito isanayambe kapena itatha.