Malonda a usiku ku Bindura: mkangano umene waiwala wantchito wa mumgodi

Mkangano wa malonda a usiku ku Zimbabwe, umene unakula mu 2025 pamene nduna yoona za maboma aang'ono, a Daniel Garwe, analamula makhonsolo kuchotsa mavenda m'misewu ndi kuletsa kugulitsa usiku, ukuyendetsedwa molakwika, chifukwa otsutsanawo akuyankhula ngati tauni iliyonse imagona nthawi imodzi. Ku Bindura, likulu la chigawo cha Mashonaland Central lomwe lili makilomita pafupifupi 88 kuchokera ku Harare, chiletso chosasankha n'chosathandiza, ndipo masitolo, malo odyera ndi ogulitsira mankhwala amene ali ndi ziphaso ayenera kuloledwa kutumikira anthu usana ndi usiku.

Tauniyi, yomwe inkatchedwa Kimberley Reefs kufikira 1913, inakula chifukwa cha migodi, ndipo mgodi waukulu sudikira kuti kuche. Pa mgodi wa golide wa Freda Rebecca, umene unayamba kutulutsa golide mu 1988, ntchito imayenda m'mashifiti, kutanthauza magulu a antchito amene amalandirana kuti makina opera miyala asaime. Munthu woweruka usiku ali ndi njala, kapena wopeza mwana wake watentha thupi, amafuna chakudya, mankhwala ndi galimoto nthawi yomweyo, monganso anamwino a pa chipatala chachikulu cha Bindura, alonda, ndi ophunzira a Bindura University of Science Education. Kuzimazima kwa magetsi kunakankhiranso ntchito zambiri ku usiku, popeza mu 2019 madera ambiri ankakhala opanda magetsi mpaka maola 18 pa tsiku, ndipo owotcherera zitsulo ndi a zigayo ankagwira ntchito magetsi akayaka pakati pa usiku.

Chifukwa china chachikulu ndi umphawi umene umatsatira mgodi ukagwa. Mgodi wa nikelo wa Trojan unaima mu 2008, unatsegulidwanso mu 2012, ndipo mu 2024 boma linauika m'manja mwa woyang'anira wapadera chifukwa cha mavuto a zachuma. M'makomboni a migodi yotere muli mabanja ambiri amene makolo awo anachokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia, ndipo ambiri alibe mudzi wobwererako kukalima, kotero kuti malipiro akaduka, poto wa nsima ndi tebulo la matimati la amayi ndi zimene zimadyetsa banja. Kuwachepetsera maola ogulitsa n'kuwalanda chakudya.

Otsutsa amatchula umbanda, uchidakwa, kuzemba msonkho ndi kolera, ndipo amakumbutsa za magulu a zikwanje amene anazunza madera a makorokoza, omwe ndi anthu okumba golide paokha, mu 2019 ndi 2020. Zoopsazi n'zenizeni, koma mankhwala ake sali m'chiletso. Kolera amene anabuka mu 2023 amafala ndi madzi oipa ndi kusowa kwa zimbudzi, nthawi ya tsiku ilibe nazo kanthu, ndipo msewu wamdima wopanda anthu umabisa chigawenga kuposa msewu wowala wokhala ndi sitolo yotsegula. Malonda oletsedwa amangosamukira kuseri, kumene woyendera zaumoyo ndi wotolera msonkho safikako.

Mfundo ya otsutsa imene ili ndi mphamvu ndi yokhudza antchito a m'masitolo, makamaka atsikana, amene angagwiritsidwe ntchito usiku wonse popanda malipiro owonjezera kapena galimoto yowatula kunyumba. Imeneyi iyenera kulowa m'chiphaso chenichenicho, ndipo malo omwera mowa apitirize kutseka pa nthawi imene lamulo linaika. Udindo wa khonsolo ya Bindura ndi boma ndi kusankha malo ochepa m'tauni, ku Chipadze ndi ku Chiwaridzo, kuikapo nyale zoyendera dzuwa, madzi, zimbudzi ndi apolisi, ndi kulembetsa aliyense wogulitsa pamenepo. Tauni imene chuma chake chimakumbidwa usiku ili ndi ngongole kwa anthu amene amachikumba.