Kamera ya kaunjika: yambani mwafunsa za batire

Kuyambira Ogasiti mpaka Disembala ndi nyengo ya ojambula zithunzi kummwera kwa Mzimba. Anthu akagulitsa zokolola maukwati amachuluka, ziliza zimavundukulidwa, Angoni amasonkhana ku phiri la Hora pa Umthetho, ndipo chakumapeto kwa chaka abale a ku Joni amabwera kudzaona kwawo. Wachinyamata wogulitsa matimati pa Jenda, kapena wa kagolosale pa Champhira, akaona zimenezi salakwa kuganiza zopatula mpamba n'kugula kamera.

Yatsopano ndiye aiwale. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kutsitsidwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo katundu wochokera kunja anakwera mtengo kotheratu. Woyamba kumene njira yake ndi kaunjika. Koma pa kaunjikapo ndi pamene ambiri amataya ndalama, chifukwa amafunsa funso lolakwika.

Funso loyamba limakhala la megapixel. Wogulitsa akatchula 20 kapena 24, wogula mtima m'malo. Chonsecho chithunzi wamba cha mainchesi 4 kwa 6, chimene makasitomala amaika mu alubamu, chimangofuna megapixel ziwiri ndi pang'ono kuti chituluke bwino. Cha pepala la A4 chopachika pakhoma chimafuna pafupifupi 9. Kamera ya megapixel 12 imakwanitsa zonsezi. Kuwonjezera ndalama chifukwa cha nambala imeneyi n'kulipirira chinthu chimene kasitomala sadzachiona.

Chimene chimagoneka kamera m'sutikesi ndi batire, tchaja ndi memori khadi. Kamera ikakhala ya zaka khumi, batire lake limakhala litatopa, ndipo lina likapanda kupezeka ku Mzuzu kapena ku Lilongwe bizinesi yathera pomwepo. Makamera ena akale a Sony amafuna khadi ya Memory Stick, a Olympus ndi Fujifilm akale amafuna xD, ndipo Canon 350D ndi 400D amafuna CompactFlash. Makhadi amenewa ngovuta kupeza masiku ano. Woyamba asankhe kamera yolandira khadi ya SD, imene ngakhale ogulitsa zipangizo za mafoni amaidziwa.

Pa chifukwa chimenechi mitundu iwiri ndiyo yoyenera mpamba wochepa. Ku Canon kuli EOS 1100D ya 2011, 1200D ya 2014 ndi 1300D ya 2016. Zonsezi zimagwiritsa batire limodzi, LP-E10, lomwenso lili mu 2000D ndi 4000D. Ku Nikon kuli D3100 ya 2010, D3200 ya 2012 ndi D3300 ya 2014, zomwe batire lake ndi EN-EL14. Makamerawa anagulitsidwa ambiri padziko lonse, choncho mabatire, matchaja ndi malenzi ake sanasowe. Kawirikawiri amabwera ndi lenzi ya 18-55mm, yokwanira kujambula gulu la anthu pakhomo la tchalitchi komanso nkhope ya mkwatibwi. Wosankha Nikon akumbukire kuti mitunduyi imafuna lenzi yolembedwa AF-S. Yakale yolembedwa AF chabe siidziwongolera yokha, imafuna kupotokola ndi dzanja.

Dzina likapezeka, chatsala n'kuyesa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kamera ili ndi kachitseko kotseguka nthawi iliyonse ikamajambula, kotchedwa shutter, ndipo kamatha ngati matayala. Nikon anapanga ka D3100 ndi D3200 kuti kafike maulendo pafupifupi 100,000. Pa Nikon chiwerengerocho chimalembedwa m'kati mwa fayilo ya chithunzi, ndipo pa intaneti pali masamba ochiwerenga. Pa Canon pamafunika kulumikiza kamera ku kompyuta. Ya maulendo 20,000 ndi ya maulendo 90,000 sizingakhale mtengo umodzi, ngakhale zonse zikuwala.

Zina sizifuna kompyuta. Wogula achotse lenzi, aunikemo ndi tochi ya foni: akaona timizere ngati ukonde wa kangaude, imeneyo ndi nkhungu yobwera ndi chinyezi, ndipo imafalikira. Ajambule khoma loyera kapena thambo, akulitse chithunzicho, aone ngati pali madontho obwera malo amodzimodzi. Ajambule m'chipinda chamdima kuti aone fulashi. Atsegule chitseko cha batire, aone ngati mulibe dzimbiri. Wogulitsa wokana kuti katundu ayesedwe wanena kale zonse.

Ku Mzimba makamera ambiri amadzera kwa abale a ku South Africa, pa mabasi ndi magalimoto onyamula katundu. Njirayi ili ndi ubwino wake, chifukwa ku Johannesburg kaunjika wa makamera ngwambiri. Koma uthenga wakuti "mundigulire kamera yabwino" ngoopsa. Wotuma atchule dzina ndi nambala, apemphe tchaja ndi batire lachiwiri, ndipo mbaleyo atumize pa WhatsApp zithunzi zojambulidwa ndi kamerayo asanalipire. Lisiti lisasowe. Limathandiza pachipata ngati a MRA afunsa za msonkho, komanso kupezeka ndi katundu wakuba kungathe kukhala mlandu, ngakhale munthu anene kuti anachita kugula.

Ena anena kuti zonsezi n'kutaya nthawi, poti aliyense pa ukwati ali ndi foni m'manja. Akunena zoona pang'ono. Masana panja, foni yabwino imajambula mokoma, ndipo timakamera tating'ono ta m'thumba sitingaipose. Wogula kakamera kotero kuti achitire bizinesi wataya ndalama. Koma m'tchalitchi cha mawindo ochepa, m'holo madzulo, kapena pa ingoma pamene ovina akudumpha, kamera yosintha malenzi yokhala ndi fulashi yapamwamba imatulutsa zimene foni wamba singathe. Chimene kasitomala amalipira ndi chithunzi chooneka bwino chimene angachigwire m'manja n'kuchipachika.

Apa ndi pamene wamalonda ayenera kuwerengera monga amachitira ndi dengu la matimati. Mpamba wonse usathere pa kamera. Gawo limodzi mwa magawo atatu litsale la batire lachiwiri, makhadi awiri, fulashi ndi thiransipoti yopita kotsukitsa zithunzi. Kumudzi kumene kulibe magetsi a ESCOM, batire limodzi silingamalize ukwati woyamba m'mawa mpaka perekaniperekani. Asanagule, afunse mtengo wotsukitsira chithunzi chimodzi pa Jenda kapena pa boma, auchotse pa mtengo umene ojambula anzake amalipiritsa, aone kuti ndi zithunzi zingati zimene zingabweze mpamba. Ngati nambalayo ikupitirira nyengo imodzi ya maukwati, kamerayo yadula, ngakhale wogulitsa alumbire kuti watsitsa.

Canon 1100D ya zaka zoposa khumi, yokhala ndi mabatire awiri ndi lenzi yoyera, idzabweza ndalama msanga kuposa kamera yonyezimira imene tchaja chake chinatsala ku Joni.