ZA ULIMI: Musanagule Ng'ombe Zoika pa Malo a Lizi

Sabata ino nkhani yathu iri pa ng'ombe, makamaka kwa inu a m'boma la Rumphi amene muli ndi malo a lizi ku Nkhamanga, ku Hewe ndi m'cigwa ca Henga. Malo ambiri otere anatengedwa cifukwa ca fodya. Akuru-akuru akumbukira kuti kufikira caka ca 1990 mlimi wa pa munda wa makolo sanali kuloledwa kulima fodya wa bale, kotero wofuna bale anayenera kuyamba wapeza lizi kuti malo ace achedwe esiteti. Masiku ano bale alimidwa ndi ali yense, ndipo pa maesiteti ena mbali yaikuru yangosanduka chire, cikhalireco renti ya Boma ifunika caka ndi caka. Ndico cifukwa cace ena a inu mwayamba kufunsa kuti, "Bwanji tiikepo ng'ombe?" Maganizo amenewa ngabwino ndithu. Koma masamu a ng'ombe asiyana kutari ndi a fodya. Fodya mubzala December, pofika May mwayamba kugwira ndarama ku okushoni ku Mzuzu. Ng'ombe siitero ai.

Poyamba turutsani kalata ya lizi ndi kuona kuti yatsala ndi zaka zingati. Malizi ambiri a zaulimi anali a zaka 21, tsono wotengedwa mu 1988 unatha mu 2009 ngati sunakonzedwenso. Inu amene mufuna kubwereka malo kwa mwini esiteti, musakhulupirire mau a pakamwa. Pitani naye ku ofesi ya za malo ku Mzuzu, mukamve ngati lizi wace ali moyo, ngati alibe ngongole ya renti, ndiponso ngati aloledwa kubwereketsa. Pangano lilembedwe, ndipo linene poyera kuti khola, waya ndi citsime zidzakhala za yani tsiku losiyana. Pangano losafika zaka khumi ine sindiriyesa kanthu pa nchito ya ng'ombe zobereketsa, ndipo cifukwa cace muciona tikafika pa masamu.

Kaciwiri, malo anu angadyetse ng'ombe zingati? Musayankhe mu February pamene udzu ufika m'cuuno. Kayendeni pa malopo mu October, pakuti cigwa ca Henga ndi Nkhamanga cirandira mvula yocepa, ndipo kuyambira May kufikira November udzu ungonka nuuma. Pa ubusa wa m'chire, wosabzalidwa, ndi bwino kuwerengera mahekitala atatu pa ng'ombe imodzi yaikuru, kufikira mlangizi wanu wa ku Bolero, ku Mhuju kapena ku Katowo atadzaona malowo ndi maso. Ndiye kuti mahekitala 60 asunga ng'ombe zazikuru 20.

Pano mpamene ambiri asokera. Akamva 20 athamangira kugula zazikazi 20, kuiwala kuti zazikazi zibala, ndi kuti anawo adzadya udzu womwewo zaka zitatu kapena zinai asanagulitsidwe. Taonani. Zazikazi khumi ndi nkhunzi imodzi, pamodzi ndi mathole asanu a caka cino, asanu a caka catha ndi asanu a dzana, zidya monga ng'ombe zazikuru pafupi-fupi 20. Cotero malo a ng'ombe 20 ndiwo malo a zazikazi khumi zokha. Wogula 20 adzaona khola lace liri bwino zaka ziwiri, caka cacitatu nthiti ziyamba kuoneka, ndipo yaikazi yoonda siitenga bere.

Tsono tiwerenge nthawi. Sinditi ndichule mitengo ya Kwacha, pakuti ndarama yathu inagwa ndi 25 pa 100 mu May 2022, niigwanso ndi 44 pa 100 mu November 2023, ndipo mtengo wolembedwa lero ukhoza kukhala wabodza mawa. Tiyese zonse ndi mtengo wa ng'ombe yamsoti imodzi. Inu mukafunse pa msika kuti msoti uli pa ndarama zingati, ndi kucurukitsa nokha. Tinene kuti mwagula misoti khumi yofika pa nkhunzi m'mwezi wa December. Ikwerana January kufikira March, ndipo popeza bere la ng'ombe litenga miyezi 9 ndi masiku pang'ono, ana abadwa October kufikira December, mvula iri pafupi. Musayembekeze ana khumi. Pa ng'ombe zathu za makolo zodya m'chire, kuwerengera asanu ndi mmodzi pa caka ndiko kusadzinyenga, ndipo mwa amenewa cotsani mmodzi wakufa. Atsala asanu, ndipo amuna ndi awiri kapena atatu. Amenewa muwafule, ndipo adzafika pa msinkhu wa mtengo wabwino ali ndi zaka zitatu kapena zinai. Kodi mwaona? Ndarama yoyamba ilowa m'thumba patapita zaka zinai kapena zisanu cigulire, nayonso ndi ya ng'ombe ziwiri kapena zitatu basi.

Zaka zonsezi renti ilipidwa, mbusa alandira mwezi ndi mwezi, mankhwala a nkhupakupa agulidwa, katemera ndi mcere zifunika. Cifukwa ca ici langizo langa ndi lakuti ngati muli ndi ndarama zokwana misoti 20, gulani khumi ndi nkhunzi imodzi yabwino, imene mtengo wace ungafike pa misoti iwiri. Zotsalazo, za misoti 8, ndizo za khola, madzi ndi zolipira za zaka zinai. Nkhunzi imodzi ikwana zazikazi 25, kotero kugula ziwiri nkutaya ndarama; ndipo ngati mnansi wanu ali nayo yabwino, mukhoza kupangana naye.

Madzi musawapeputse. Ng'ombe yaikuru imwa malita 30 kapena 40 tsiku lotentha, ndiye kuti khola lathu lija lifuna malita 600 kufikira 800, zigubu za malita 20 zokwana 30 kapena 40 tsiku liri lonse. Amene ali kufupi ndi mtsinje wa South Rukuru ali ndi mwai. Amene kamtsinje kace kaphwa mu September ayambe wakumba citsime ng'ombe zisanafike, osati kukalimbana ndi amai pa mjigo wa m'mudzi. Za waya ndingonena pang'ono. Malo a mahekitala 60, a mamita 1,000 m'litari ndi 600 m'lifupi, azungulira mamita 3,200, ndipo mizere inai ya waya wa minga ikwana mamita 12,800, mitengo ndi misomali tisanawerenge. Zimenezo zidikire. Khola lolimba la usiku, mbusa wamkuru wolipidwa bwino (osati mwana woyenera kukhala ku sukulu), ndi njira zochinga moto zolambulidwa mu May ziposa waya pa zaka zoyamba. Ngati muchinga, chingani kadambo kamodzi kosungira udzu wa m'cirimwe.

Nanga ngongole ya ku banki? Apa ndifuna mumvetsetse. M'caka ca 2024 ciongola-dzanja ca ngongole m'mabanki athu cinali kupitirira 25 pa 100 pa caka. Mukakongola za misoti khumi pa 25, osabweza kanthu, caka coyamba ngongole ifika pa 12 ndi theka, caciwiri ipitirira 15, cacitatu ipitirira 19, cacinai ipitirira 24. Nanga m'khola muli ciani pa nthawiyo? Zazikazi khumi zija ndi ana 20 a misinkhu yosiyana, amene onse pamodzi mtengo wao ungafanane ndi misoti 12. Zonse 22, ngongole 24, ndipo mbusa ndi renti sitinacotse. Wina adzati mtengo wa ng'ombe nawonso ukwera Kwacha ikagwa. Inde ukwera, koma mankhwala ndi malipiro zikweranso, ndipo banki siidikira zaka zinai. Ifuna zace kuyambira miyezi yoyamba, pamene inu mulibe cogulitsa koma zazikazi zomwezo. Ng'ombe zobereketsa zigulidwe ndi ndarama zanu-zanu za fodya, soya kapena mtedza, ngakhale zitakhala zinai caka cino ndi zitatu caka ca mawa.

Za mtundu, ambiri akopeka ndi Brahman zazikuru zimene aona ku Chikwawa ndi ku Nsanje. Nzokongoladi, koma ng'ombe yobwera kucokera kutari siizolowera msanga nkhupakupa za kuno, ndipo nthenda yochedwa East Coast Fever, imene ifala ndi nkhupakupa ya m'makutu, ikhoza kuigwetsa m'masabata atatu. Misoti gulani ya makolo, ya konkuno kapena ya ku Mzimba. Mukafuna kukweza mtundu, kwezani ndi nkhunzi. Katemera wa nthendayi apangidwa ku Lilongwe, ndipo thole lobayidwa kamodzi litetezedwa moyo wace wonse. Funsani kwa a ziweto ndi kuika mtengo wace m'masamu anu. Inu a kufupi ndi nkhalango ya Vwaza muli ndi bvuto lina, nchenche za kashembe, zomwe zija zibweretsa kaodzera kwa anthu. Ng'ombe yolumidwa nazo ingoonda pang'ono-pang'ono, niitaya bere, niifa. Malo otere afuna ndarama zina za mankhwala caka ndi caka, ndipo ngati simungazikwanitse ndi bwino kuganiza za nchito yina.

Pogula, nthawi yabwino ndi pamene mvula iyamba, pakuti eni ng'ombe afuna ndarama za feteleza ndi za sukulu, ndiponso udzu uli kutsogolo. Miyezi ya okushoni mtengo ukwera cifukwa ali yense ali ndi ndarama. Yasamitsani ng'ombe ndi kuona mano a kutsogolo a m'munsi. Mano akuru awiri kapena anai ndiye msoti wa zaka ziwiri kapena zitatu. Akakhala 8 ndi operepeseka, mwagula nkhalamba, kaya wogulitsa alumbire cotani. Musasunthe ng'ombe popanda kalata ya a ziweto ndi umboni wa mfumu ya kumene icokera, cifukwa ng'ombe yakuba idzalandidwa ndipo ndarama zanu simudzazionanso. Zatsopano zikhale pa zokha masabata atatu zisanasakanizidwe ndi zina.

Kuti zaka zodikira zisakhale zouma, patulani za misoti iwiri mwa zotsala zija, mugule zofula ziwiri zoonda, muzinenepetse m'khola miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi ndi mapesi, masangwe a mtedza, madeya ndi mcere, monga anali kucitira alimi a ku Lilongwe masiku a Cold Storage. Zikagulitsidwa mulipira mbusa ndi kugulanso zina ziwiri. Ndowe nayonso ndi ndarama. Ngolo iri yonse yopita ku munda wa cimanga icepetsa thumba la feteleza.

Catsala cimodzi, ndipo ena sakondwa naco. Kuno kwathu khola likaoneka, malowolo a mphwanu ndi maliro a kucimuna ziyang'ana komweko. Kukana sikutheka, ndipo sindinena kuti mukane. Koma khalani pansi ndi abale ng'ombe zisanafike, mugwirizane kuti zazikazi khumi zija sizituruka m'khola pa cifukwa ciri conse, ndi kuti za mwambo zidzacokera pa zofula. Gulani kope, mulembe ng'ombe iri yonse ndi dzina lace, tsiku lobala, ndi ndarama iri yonse yolowa kapena yoturuka. Mlangizi akadza, muonetseni kopelo.

Sabata ya mawa tidzakamba za kuchecha udzu mu March ndi kasungidwe kace.