Kwa anzanga a imvi amene mwatseka wailesi

 Lero ndilankhula makamaka ndi anzanga a imvi, ndipo ena mwa inu simukondwera nane.

Lamulungu lapitali, titatuluka m'mapemphero, tinaima pamthunzi akuluakulu angapo. Wina atatchula za mtengo wa feteleza, mnzathu mmodzi, munthu amene ndimamulemekeza kwambiri, anakupiza dzanja nati: "Ife za dziko tinazisiya kale. Tikungodikira kuitanidwa." Onse anagwedeza mitu ngati amva vesi. Ine sindinayankhe, ndipo kusayankha kwangako kwandisowetsa tulo sabata yonse.

Ndiyambe ndi kuulula. Kutopa kumeneku inenso ndikukumva. Ndili pantchito m'boma sindinkagona osamvera nkhani za usiku, ndipo nyuzipepala ndinkaiwerenga mpaka tsamba lomaliza. Lero mdzukulu akandionetsa pafoni zimene wanena mtsogoleri wa ku America, maso amaona koma mtima umakhala kutali, ngati munthu womva ng'oma ya kumudzi wina. Mayina a nduna amandisokonekera. Ambiri amene ndinkatsutsana nawo za ndale tinawaperekeza kale kumanda. Kutopa kotere si tchimo. Chimene ndikukana ndicho kukuveka mkanjo wa chikhulupiriro ndi kukukhazika pa mpando wa akulu a mpingo.

Tsegulani 2 Samueli, mitu 17 ndi 19, mukaone nkhalamba yotchedwa Barizilai. Davide atapambana nkhondo ya Abisalomu anaiitana kuti ikakhale naye ku Yerusalemu. Barizilai anakana. Anali ndi zaka 80, chakudya sichinkamukomeranso, oimba sankawamvanso, ndipo ankafuna kufera kwawo pafupi ndi manda a makolo ake. Mawu akewo ndi ofanana ndi athu, ndipo Baibulo silimudzudzula. Koma bwererani m'mbuyo mitu iwiri. Pamene Davide ankathawa, anthu ake ali ndi njala ndi ludzu, Barizilai yemweyo anafika ku Mahanaimu ndi zogonera, tirigu, nyemba, uchi ndi nkhosa. Ankadziwa zochitika mu ufumu, ndipo anasankha mbali nthawi imene kusankha kukanamudulitsa mutu. Chimene anakana ndi gome la mfumu. Anjala sanawakane. Ife tatembenuza: mpando wa kutsogolo pa ukwati ndi pa maliro sitinaukanepo, koma ikafika nkhani ya njala ya anthu ndi pamene timakumbukira kuti kwathu ndi kumwamba.

Ndipo dziko limene mukuti mwalisiyali, kodi lokha linakusiyani? Ife a ku Manje sitiyenera kufunsidwa kawiri. Namondwe wa Freddy anabadwira kutali, kufupi ndi Australia, mu Febuluwale 2023. Anawoloka nyanja yonse ya Indian Ocean kwa masabata, ife tikuti ndi nkhani za kunja. Mu Malichi phiri la Soche linatsika ndi matope ndi miyala pa nyumba za anansi athu kuno ndi ku Chilobwe, ndipo m'dziko muno munafa anthu oposa 1,000. Nkhondo imene inabuka ku Ukraine mu 2022 tinaipeza pa mtengo wa thumba la feteleza. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo aliyense wodya penshoni anamva m'thumba mwake popanda womutanthauzira. Mayi wamasiye amene timakhala naye pa benchi imodzi alibe mwayi wonena kuti za dziko anazisiya.

Chimene chikundipweteka koposa ndi chakuti mawu amenewa akuchokera kwa ife, mbadwo umene unaona 1992 ndi maso. Pa 8 Malichi chaka chimenecho kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi, ndipo boma linalengeza kuti kupezeka nayo ndi mlandu. M'maofesi tinkangonong'onezana, tikuyang'ana kukhomo. Amene anaisaina sanali anyamata: Arkiepiskopi James Chiona wa Blantyre anali atapyola kale zaka 60. Mu Juni atsogoleri a CCAP nawo analembera Dr Kamuzu Banda, bungwe la PAC linabadwa chaka chomwecho, ndipo pa 14 Juni 1993 tinaima pamzere kuvota pa referendamu. Akuluakulu aja akanati akungodikira kuitanidwa, bwenzi ine lero ndikulemba izi pa Facebook mosaopa?

Ndikudziwa mudzandiyankha ndi Afilipi 3 ndi 1 Yohane 2, kuti ndife alendo ndipo tisakonde dziko. Ndi zoona. Koma kukonda dziko kumene mtumwi akuletsa ndi chilakolako ndi kudzitama, osati kudziwa chifukwa chake mwana wa mnansi wagona ndi njala. Ayuda ku Babulo anali alendo kuposa ife, koma pa Yeremiya 29 anauzidwa kumanga nyumba, kulima minda ndi kupempherera mzinda umene unawagwira ukapolo. Komanso ndaona chinthu chimodzi: amene anasiya za dzikowa amadziwa bwino zigoli za Maule ndi Manoma, ndipo mtengo wa puloti sawaphonya.

Sindikukutumani kumisewu, ndipo sinditchula chipani. Mawondo athu anachita kale mbali yawo. Koma pali chinthu chimene achinyamata alibe, ife tili nacho. Ife tikukumbukira Soche ali ndi mitengo. Tikukumbukira mmene inathera, mtengo umodzi umodzi, ndipo makala ake tinaphikira ife tomwe. Pamene ana athu akukumbanso maziko pamalo pomwe panadutsa matope, wowauza zoona ndani ngati ife tatseka pakamwa? Pamene seshoni ikukambirana za ndalama za mpingo, wofunsa za mabanja amene sanabwererebe pa moyo wawo wakale ndani? Barizilai pokana ulendo anapereka Kimhamu kuti apite m'malo mwake. Ine ndadzifunsa kuti ndaphunzitsa mnyamata uti kuwerenga nkhani ndi Baibulo pamodzi, ndipo dzina silinabwere msanga.

Pa mlaga wa Lachitatu ndidzapempha mphindi khumi. Aliyense wa ife a imvi abwere ndi nkhani imodzi imene wamva sabata ino, ya kuno kapena ya kunja, ndi banja limodzi la ku Manje limene nkhaniyo yalikhudza. Tidzapemphera, kenako tidzaone chotenga popita kwawoko. Mnzanga uja ndamuuza kale kuti ndilemba izi. Anaseka, nati adzabwera ndi mavesi ake.