DNA ya a Neanderthal ikadali m'matupi a anthu: ikukhudza bwanji thanzi lanu?

A Neanderthal, mtundu wa anthu akale amene ankakhala ku Ulaya ndi kumadzulo kwa Asia, anatha zaka pafupifupi 40,000 zapitazo. Koma mbali ina ya chibadwa chawo ikadalipo mwa anthu amoyo, ndipo imakhudza mmene ena amadwalira.

Anthu ena atachoka ku Africa kalekale, anakumana ndi a Neanderthal n'kuberekana nawo ana. Umboni wake unatuluka mu 2010, pamene gulu la Svante Pääbo ku Max Planck Institute mumzinda wa Leipzig ku Germany linawerenga DNA ya m'mafupa awo. Lero anthu a ku Ulaya ndi ku Asia ali ndi DNA ya a Neanderthal yokwana pafupifupi 2 peresenti. Pääbo analandira mphoto ya Nobel mu 2022.

Anthu a mu Africa nawonso ali nayo, koma yochepa. Ofufuza a ku yunivesite ya Princeton anapeza mu 2020 kuti ndi pafupifupi 0.3 peresenti, ndipo yambiri inabwera ndi anthu amene anabwerera kuno pambuyo pake.

Chaka chomwecho, Pääbo ndi Hugo Zeberg anapeza kuti kachigawo ka DNA komwe kamawonjezera chiopsezo chodwala kwambiri Covid-19 kanachokera kwa a Neanderthal. Kali mwa theka la anthu a kumwera kwa Asia ndi mwa anthu 16 mwa 100 alionse ku Ulaya, koma mu Africa n'kosowa.

Musaganize kuti kusakhala nako n'chitetezo. Covid-19 inapha anthu kunonso, makamaka achikulire ndi odwala shuga kapena BP.

Zimene nkhaniyi ikusonyeza n'zakuti mbiri ya makolo anu imakhudza mmene thupi limalimbanirana ndi matenda ngakhalenso mmene limalandirira mankhwala. Mwachitsanzo, matupi a anthu ambiri a mu Africa amachedwa kuchotsa efavirenz, mankhwala amene ankapezeka kwambiri mu ma ARV, n'chifukwa chake ena ankamva chizungulire kapena kulota maloto oopsa.

Vuto n'lakuti kafukufuku wambiri wa DNA wachitika pa azungu, pomwe anthu osiyana kwambiri chibadwa ali mu Africa. Choncho mukawerenga pa foni kuti asayansi apeza DNA yoyambitsa matenda enaake, yambani mwafunsa kuti anayeza anthu a kuti. Ndipo mankhwala akamakuvutani, musasiye nokha kumwa. Kaonaneni ndi dokotala.